Kabaza wa ku Tyrrelstown

Overstone Chimutu anayendetsa njinga yamoto zaka khumi mu Lilongwe osagwetsapo munthu. Si zomukometsera izi, mukafika pa siteji ya ku Mchesi mukafunse. Ananyamulapo amayi oyembekezera matenda atayamba kale, ananyamulapo nkhumba yamoyo, chitseko chachitsulo, anthu atatu ndi mwana wachinayi ali pa thanki. Tsiku lina ananyamula maliro kuchokera ku Likuni, malemu atawakhazika pakati, atawaveka chipewa, mchimwene wawo atawakumbatira kumbuyo, mpaka munthu wina m'njira anawapatsa moni malemuwo n'kudandaula kuti ndi amwano.

Malire ankawadziwanso. Ankapita ku Chipata, ankalowa ku Ulongwe kudzera pa Dedza, ndipo ankakonda kunena kuti malamulo a njinga ali ngati mchere wa m'ndiwo, khomo lililonse limathira wake. Uku ayamba ayang'ana mutu ngati uli ndi helemeti, uko afuna mapepala, kwathu lamulo lilipo ndithu koma masana limagona. Kulikonseko iye ankadziwa poimika njinga, povula chipewa ndi ponena kuti "bwana". Ndiye mumtima mwake munalowa kamatama koti palibe dziko lingamusokoneze mutu pa nkhani ya matayala awiri.

Ngakhale mkazi anamupeza pa njinga pomwepo. Tiyezge anali mtsikana wa ku Mzimba wophunzira unesi, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera njinga ya Overstone kupita ku chipatala cha Central. Mwezi woyamba ankagwira chitsulo cha kumbuyo, nkhope atayang'ana kumbali. Mwezi wachitatu anayamba kugwira phewa. Tsiku limene anamugwira m'chiuno, Overstone anapitirira geti la chipatala osaliona, ndipo chaka chisanathe ankhoswe anakumana.

Tiyezge ndiye anayamba kubwera ku Dublin, atapeza ntchito pa chipatala chachikulu cha mu Dublin 8. Patatha chaka Overstone anamutsatira ndi mwana wawo Julia, nakhala ku Tyrrelstown, kumene nyumba zonse zimafanana ngati zinabadwa tsiku limodzi. Iye anapeza ntchito yosenza makatoni ku Blanchardstown. Koma chimene chinkamudya moyo si makatoni ayi. M'mawa uliwonse ankaima pa windo kuonerera mkazi wake akupita pokwerera basi, mvula ikumumenya, kukakwera mabasi awiri, ulendo wa ola ndi theka. Mkazi wa Overstone Chimutu kudikira basi! Zinkamuwawa ngati minga ya m'phazi. Analumbira kuti zivute zitani adzamunyamula yekha mpaka pa geti la chipatala, ngati kale.

Anatenga laisensi yake ya ku Malawi ulendo ku ofesi. Mayi wa pa kauntala anaitembenuza uku ndi uku, namwetulira, naibweza ndi zala ziwiri. Anati ya dziko limeneli kuno sasintha. Ayambe mayeso a pa kompyuta, atenge chilolezo cha wophunzira, alipire mphunzitsi, kenako adikire miyezi isanu ndi umodzi asanayesedwe pamsewu. Pa nthawi yonseyo asaponde msewu waukulu wa motorway, asanyamule munthu ngakhale wa kamwana, ndipo pamwamba pa jekete azivala kamalaya kachikasu kowala kokhala ndi L wofiira kutsogolo ndi kumbuyo.

"Zaka khumi, mayi," anatero Overstone m'Chingerezi chake cha pa siteji. "Osagwetsapo munthu."

Mayiyo anati zimenezo n'zabwino kwambiri, naitana wotsatira.

Ndiye munthu wa zaka makumi anayi, amene ananyamulapo maliro, anapezeka pamalo oimika magalimoto akuzungulira timapulasitiki tofiira pa liwiro la nkhono. Mphunzitsi wake anali wabwino mtima, koma ubwino wakewo ndiwo unkapweteka, chifukwa ankamuombera m'manja akakhota bwino. Ndiyenso anamuchenjeza kuti chilolezocho chimathera m'dziko lino. Ukayenda ola limodzi kulowera kumpoto, kupitirira Dundalk, palibe geti, palibe msilikali, msewu ndi womwewo, koma walowa kale dziko lina, zikwangwani zasintha kuwerenga liwiro ndipo pepala lako lafa. Overstone anapukusa mutu. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Anavala kamalaya kake.

Tsopano pali munthu wina dzina lake Greenwell, wa ku Ntcheu, mlonda pa sitolo ina mu tauni, amene ankapemphera naye pa Misa ya Amalawi ku Blanchardstown. Ameneyu asanabwere kuno anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Kumeneko anatenga laisensi ya njinga kuti azigawa chakudya m'makomo, nagwira ntchitoyo sabata imodzi, nagwera mu ngalande, naisiya. Koma taonani mmene dziko lilili: pepala la ku Joni kuno amalilandira ndi manja awiri. Greenwell anangopereka lake n'kulandira la kuno, lathunthu, lololedwa kunyamula munthu, chonsecho sadziwa kuti giya yachiwiri ili pati. Analibe n'komwe njinga. Laisensiyo ankangoitulutsa m'chikwama anthu akamamwa tiyi.

Lamlungu loyamba limene Overstone anafika pa tchalitchi ndi njinga yake yakuda, yogula kwa mzungu wina, Greenwell anali pakhomo ndi anzake. Anadikira kuti adutse, kenako anatulutsa kaphokoso kaja koitanira njinga kwathu.

"Psss! Kabaza!"

Mutu wa Overstone unatembenuka wokha, phazi n'kuponda buleki. Zaka khumi sizichoka m'thupi chifukwa wakwera ndege. Anthu anafa nacho chiseko.

"Achimwene, mwatchena!" anatero Greenwell akugwira kamalaya kaja. "Kodi thewera anakupatsani pomwepo, kapena limabwera mukakhoza?"

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Overstone linatha. Anali Kabaza. Amuna, amayi a kwaya, ngakhale anzathu a ku Zambia amene analibe naye chifukwa, onse ankayeserera psss kuti aone mutu uja ukutembenuka, ndipo unkatembenukadi. Anthu oipa inu! Munthu sanakubereni, sanakutukwaneni, mwangoona kuti ali ndi bala ndiye aliyense abwere ndi chala chake. Overstone ankangoseka nawo mano okha. Kunyumba ankadula masiku pa kalendala ya ku parishi.

Chinsinsi chake chinali m'bokosi la kumbuyo kwa njinga. Anatenga kaulusi n'kuyeza chipewa chaubweya cha Tiyezge, napita nako ku sitolo, nagula helemeti yofiira yolingana ndi mutu wake ndendende. Sanamuuze. Ankafuna kuti tsiku lokhoza mayeso adzaime pa geti la chipatala, wopanda L, helemeti ili m'manja. Kalata inabwera yoti mayeso ndi Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Meyi, ndipo mphunzitsi uja anati sanaonepo wophunzira wokonzeka chonchi.

Loweruka la sabata yam'mbuyo mwake, cha m'ma 3 koloko masana, Overstone anaweruka n'kudzera ku masitolo akuluakulu a ku Blanchardstown. Mvula inali ikuwaza ya kuno ija, yosagwa yosaleka. Akutuluka pa malo oimika njinga anamva kumbuyo kwake:

"Psss! Kabaza!"

Anaima, mtima utawira, akuti lero wina amva. Koma potembenuka sanaone oseka. Anaona mayi wachikulire, duku lanyowa, chitenje chamatirira m'miyendo, majumbo awiri ali pansi. Anali amake Greenwell. Anabwera kuchokera ku Ntcheu masabata atatu apitawo kudzalera mdzukulu wakhanda, ndipo ku tchalitchi anamva aliyense akumutchula munthuyu kuti Kabaza. Iwo akanadziwa bwanji kuti n'chipongwe? Ndiponso kamalaya kachikasu kowala, kwathu amavala ndani ngati si a kabaza a pa siteji?

"Mwachita bwino kubwera, bambo," anatero mayiwo. "Basi ija sindikuidziwanso poimira pake. Mwana wanga sakuyankha foni, ayenera kuti wagona, anagwira ntchito usiku. Miyendo yatupa iyi. Mukanditule kunyumba."

"Amayi, pepani, kuno sindiloledwa kunyamula munthu."

"Simuloledwa bwanji, yunifolomu mwavala?"

"Iyi si yunifolomu, amayi. Ndi chizindikiro choti ndine wophunzira."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Wophunzira, inu? Ndakuonani mmene mwakhotera apo. Ine njinga ndakwera zambiri pa Tsangano, wophunzira ndimamudziwa. Musandinamize, bambo. Kapena mukuona ngati ndilibe yolipira?"

Apa ndiye panagona tsoka. Zaka ziwiri m'dziko lino palibe amene anamuyang'anapo n'kuona chimene iye ali. Woyamba anali mayi uyu, wonyowa, wamwano, woima ndi mwendo umodzi ngati nkhuku yozizidwa. Overstone anaganiza za Lachinayi. Anaganiza zoitana takisi. Koma kumusiya mayi wa msinkhu wa mayi ake ali chiimire pa mvula, iye n'kuchoka ndi mpando wopanda munthu, kwawo kumeneko ndi kutukwana. Ndi makilomita anayi okha, anadziuza choncho, ndipo adzera njira za kuseri.

Anatsegula bokosi, natulutsa helemeti yofiira ija, ikadali ndi fungo la sitolo.

"Valani iyi."

"Iii, ayi. Zovala aliyense zimenezo? Mukufuna mundipatse nsabwe?"

"Ndi yatsopano, amayi, sanavalepo munthu."

"Ndiye bwino, muikemo mazirawa angasweke."

Anaikamo mazira ndi tomato, naikhazika pamiyendo ngati dengu. Kukwera kwake anakwera mmene amakwerera amayi olemekezeka, chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje atachikokera ku akakolo. Overstone anawapempha kuti akhale motangadza. Anamufunsa ngati amayi ake omubereka angawauze mawu amenewo.

Koma abale, munthu uja anayendetsa! Njinga inanyamuka ngati ikuopa kudzutsa mwana. Pa maraundabauti onse aja ankapendeka pang'ono chabe, akumva kulemera kwa mayiwo kumsana kwake n'kukuyankha, mabampu akuwakwera ngati akupepesa. Thupi lake lonse linakumbuka. Kumbuyo mayiwo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, ndipo Overstone anazindikira kuti akumwetulira yekha mkati mwa helemeti. Anali wosangalala, tinene zoona, kusangalala kumene anali asanakumvepo chitsikire ndege. Anawatsitsa pakhomo pa Greenwell dzira ngakhale limodzi lisanasweke.

"Manja anu ndi odala, bambo," anatero mayiwo. "Ndi zingati?"

Overstone anaseka, nati akwera ulere poti ndi kasitomala woyamba. Sanayang'ane m'mwamba. Akanayang'ana akanaona Greenwell pa windo la chipinda chapamwamba, foni ili m'manja.

Vidiyoyo inali yaifupi, koma munali zonse: gogo wa chitenje atakhala chammbali, mutu uli ndi duku lokha, helemeti yodzaza mazira, L wofiira ndi nambala ya njinga yowerengeka bwinobwino. Greenwell anaiponya pa gulupu ya WhatsApp ya mpingo atalemba kuti siteji ya Mchesi yatsegula nthambi ku Tyrrelstown. Anthu anaseka, natumizira abale awo. Pofika Lamlungu madzulo inali ku Lusaka, ku Lilongwe ndi ku Joni. Lolemba inafika pa tsamba la anthu okhala m'deralo, kumene sanaseke. Wina wa mtima wa njoka anaitumiza kupolisi ndi ku kampani ya inshuwalansi.

Lachiwiri masana kunabwera a Garda awiri, apolisi a kuno, aulemu ngati ansembe. Overstone anachita zonse zimene zinkamupulumutsa m'mayiko atatu. Anavula chipewa, anapinda manja kumbuyo, anati "bwana", anafotokoza za mvula ndi miyendo yotupa. Wapolisiyo anamvetsera mpaka kumapeto, nati akumvetsa, ndipo zonsezo anazilemba m'kabuku. Kwathu munthu akakukalipira umadziwa kuti pali pokambirana. Uyu sanakweze mawu n'kamodzi komwe. Lachitatu a inshuwalansi analemba kuti athetsa mgwirizano, ndipo njinga yopanda inshuwalansi siloledwa pa mayeso. Lachinayi lija Overstone anakhala pa mpando wa kukhitchini kuyang'ana wotchi mpaka ola la mayeso linadutsa.

Tiyezge vidiyoyo anaionetsedwa ndi anzake ku wodi, akuseka, asakudziwa kuti ndi mwamuna wake. Sanalalate. Bola akanalalata.

"Bambo a Julia, helemeti yofiira ija ndi ya ndani?"

"Ndi yanu. Ndinakugulirani kuti Lachinayi..."

"Yanga. Ndiye oyamba kuivala akhala mazira a amake Greenwell." Anavula nsapato za ku ntchito, naziika pambali. "Masiku asanu okha, bambo a Julia. Ine ndadikira basi zaka zitatu, inu masiku asanu anakukanikani."

Julia naye anamuuza m'Chingerezi, maso ali pa foni, kuti asamabwerenso kudzamutenga ku sukulu.

Nanga Greenwell? Mukuganiza kuti anapepesa? Ataona kuti nkhani yafika kupolisi ndipo mayi ake ali momwemo, anatembenuka ngati bilimankhwe. Pa tchalitchi anaimirira maso ali ofiira, nati munthu uyu akanamuphera mayi ake, mayi omubereka, chifukwa chofuna kudzionetsa. Omwe aja ankaitana psss anagwedeza mitu, nati zoonadi, anthu ena Malawi samuchoka m'mutu, akutichititsa manyazi tonse. Amake Greenwell anabwerera kumudzi mu Julaye masiku awo atatha. Asananyamuke anamugwira dzanja Overstone kuseri kwa tchalitchi.

"Ndinamuuza mwana wanga awauze azunguwo kuti ndinakukakamizani ndine. Akuti anawauza. Musadandaule, bambo."

Kukhoti, mu Novembala, anawerenga zimene Greenwell anakanena kupolisi. Munalibe zokakamiza. Munali zoti Overstone anawauza mayiwo kuti njingayo ndi ya hayala. Woweruza anaonera vidiyo ija kawiri, nafunsa ngati munthuyu akudziwa kuti kuno si kwawo, namuletsa kuyendetsa chilichonse chaka chathunthu. Overstone anafuna kunena kuti dzira silinasweke, koma loya wake anamugwira mkono.

Njinga inakhala panja itafunditsidwa lona, mpaka mwini nyumba anayamba kudandaula. Tiyezge anati igulitsidwe. Wogula anapezeka mmodzi yekha, amene anati akuchita izi pofuna kuthandiza banja la mnzake ngakhale linamulakwira. Greenwell anabwera ndi laisensi yake ya ku Joni, naikankha njingayo mpaka kwawo chifukwa inamukanika kuliza. Bokosi la kumbuyo linapita nayo limodzi, ndi zonse zinali mkatimo.

Overstone akadali ku Tyrrelstown, akusenzabe makatoni. Ku ntchito amapita pa basi. Munthu akachita psss, mutu sutembenukanso, ndipo anthu anasiya chifukwa sizikomanso.

Lamlungu lina mu Epulo, 7 koloko m'mawa, dzuwa litatuluka kale, basi ya Tiyezge sinabwere. Yotsatira inali patali, ndipo ku wodi kunalibe womulowera m'malo. Anabwerera kunyumba akuthamanga, foni ili kukhutu. Overstone ali pa windo anamva kulira kwa injini imene ankaidziwa ngati chifuwa cha mwana wake, ikubwera mokoka, ili mu giya yolakwika. Greenwell ankapita ku ntchito mu tauni, ndipo lamulo limamulola kunyamula munthu.

Overstone anatuluka ndi patapata. Greenwell anatsegula bokosi, natulutsa helemeti yofiira, napatsa Tiyezge. Inamukwana ndendende. Tiyezge anakwera osamuyang'ana mwamuna wake, nagwira chitsulo cha kumbuyo. Greenwell anaponda giya, njinga inadumpha ngati mbuzi yomangidwa, n'kuzima. Analizanso, inadumphanso, Tiyezge n'kutsala pang'ono kugwa chagada.

"Yazolowera ophunzira iyi," anatero Greenwell akuseka, thukuta lili pamphuno.

Overstone anayang'ana manja a munthuyo pa chiwongolero, nayang'ana msewu wonyowa, naganiza za maraundabauti onse a pakati pa Tyrrelstown ndi Dublin 8. Anayandikira. Anamanga bwino lamba wa helemeti pansi pa chibwano cha mkazi wake.

"Klatchi muzisiya pang'onopang'ono, achimwene," anatero. "Pokhota musagwire buleki ya kutsogolo. Chonde."

Kenako anaona manja a Tiyezge ali pa chitsulo paja. Iye ankadziwa bwino kuti ndi woyendetsa wotere, wogwira chitsulo sakafika. 

"Amake Julia, siyani chitsulocho. Agwireni m'chiuno."

Tiyezge anamuyang'ana kudzera pa galasi la helemeti, kanthawi ndithu. Kenako anagwira.

Njinga inanyamuka mopepesuka, nikhota pa ngodya. Overstone anakhala chiimire pamsewu ndi patapata wake, khutu lili tcheru, akudikira kumva ngati munthu uja aipeze giya yachiwiri.